Siling'i ikuda, nyumba ikutentha: kodi titsegule pamsana pa denga?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Chisitu, m'boma la Mulanje: "Nyumba yathu ndi ya mamita 12 m'litali ndi 8 m'lifupi, ya malata a IBR ndi siling'i ya mabodi. Mu Okutobala simukhalika, ngakhale usiku kutentha sikuchoka. Ikafika Juni siling'i imachita mawanga akuda, ndipo m'mawa wina mumadontha madzi kunja kulibe mvula. Kalipentala wina akuti tichotse maridge, malata aja ophimba pamsana pa denga, tiike otulutsa mpweya. Bilidala amene anatimangira akuti tikatero mvula ya kuno itilowera. Ndimvere uti?"

Mayi, amisiri anu awiriwo palibe amene akunama, kungoti aliyense wanena mbali yake n'kusiya ya mnzake. Denga lanu likufunikadi kupuma, monga akunenera kalipentala. Ndipo pamsana pa denga potsegulidwa mwachisawawa, kuno kumene mvula imabwera chopingasa ndi mphepo, padzakulowetserani madzi, monga akuopera bilidala. Ine ndikuti tsegulani. Koma ntchito imeneyi simayambira pamwamba ayi. Imayambira pansi, pamene khoma limakumana ndi malata, ndipo mukapasiya pamenepo potseka ndalama ya ridge yatsopanoyo ingopita padera.

Musanagule kanthu, tsimikizani kaye kuti madzi akuchokera kuti. Sankhani m'mawa wozizira, usiku wake kunali nyenyezi ndipo mvula sinagwe. Wina akwere kudenga kudzera pakachitseko ka siling'i cha m'ma 5 koloko, ali ndi tochi. Akapeza kunsi kwa malata kuli timadontho paliponse, madzi akutsetserekera pa mapalini (matabwa opingasa amene malata amakhomedwapo) n'kumagwa motsata mzere wa palini, amenewo ndi mame. Denga silikudontha. Koma banga likakhala pamalo amodzi, likukula mvula ikagwa, ndipo pamwamba pake pali msomali wadzimbiri kapena polumikizira malata, limenelo ndi bowo, ndipo mankhwala ake si mpweya. Nyumba zambiri zimakhala ndi zonse ziwiri. Monga mwafotokozera, kuti madzi amagwa kunja kuli gwa, zanu zikuoneka kuti ndi mame.

Mame amenewa amachitika chonchi. Mpweya wofunda umanyamula chinyezi chambiri kuposa wozizira. Mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse, ukakhala pa madigiri 30 ungasunge madzi pafupifupi magalamu 30. Pa madigiri 20 umasunga magalamu 17, pa madigiri 10 magalamu 9 okha. Madzulo mumaphika, mumasamba madzi otentha, anthu akupuma, mawindo otseka chifukwa cha kuzizira. Nthunzi yonseyo imakwera, n'kudutsa m'mipata ya siling'i ndi m'mabowo a mababu. Usiku kukakhala kopanda mitambo, lata limataya kutentha kwake msanga, mpaka limazizira kuposa mpweya wapanja. Mpweya wonyowa uja ukaligunda umalephera kusunga madzi ake onse, otsalawo amakhala palata. Mbandakucha amagwera pa siling'i. Kudenga kukakhala kotsekeka, madziwo sauma bwino masana. Dzuwa limawasandutsa nthunzi, nthunziyo ilibe kotulukira, usiku imabwereranso palata. Bodi limamwa pang'onopang'ono, nguwi imamera, mapalini amayamba kufumbwa pamene akhudzana ndi lata, misomali imachita dzimbiri n'kuyamba kugwedera.

Kuno vutoli limakula kuposa ku Lilongwe kapena ku Salima chifukwa chilimwe chathu sichiuma ngati cha anzathu. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti chiperoni amabwera ndi mpweya wonyowa kuchokera kum'mwera chakum'mawa, mbali ya Mozambique, n'kudzatsamira paphiri. Chinyezi chomwe chimasangalatsa tiyi wa ku Lujeri ndi ku Mimosa ndi chomwecho chimene chikudetsa siling'i yanu. Ndinene pano kuti musadzakhumudwe: sabata ya chiperoni, mpweya wapanja nawo umakhala wokhuta madzi, ndiye ngakhale utadutsa kudenga suumitsa kanthu. Phindu la ridge yotseguka limaoneka tsiku limene dzuwa latuluka. Lata likafunda, chinyezi chonse chija chimapeza njira n'kutuluka tsiku lomwelo, m'malo mokhala mwezi wathunthu m'matabwa.

Za kutentha kwa Okutobala ndisakulonjezeni zambiri. Lata loombedwa ndi dzuwa la masana limatha kupitirira madigiri 60, makamaka lamtundu wakuda kapena wobiriwira kwambiri. Mpweya wa kudenga umatentha nawo, ndipo ridge yotseguka imautulutsa. Chimene mudzachione msanga n'chakuti nyumba izidzazizira mofulumira dzuwa likalowa, chifukwa kudenga sikusunganso ng'anjo mpaka pakati pa usiku. Koma masana, kutentha kwambiri kumafika pa siling'i mwachindunji kuchokera palata lenilenilo, monga umamvera kutentha kumaso utaima patali ndi moto. Kumeneko mphepo siichotsa kwenikweni. Kumatchingidwa ndi pepala lonyezimira lija amisiri amati sisalation, loyalidwa kunsi kwa malata, kapena ndi zofunditsa zoyala pamwamba pa siling'i, kapena penti woyera padenga. Munthu akakuuzani kuti ridge yokha isandutsa nyumba yanu kukhala ngati kumtunda kwa Likhubula, akufuna ntchito basi.

Tibwere tsono pansi paja. Mumaidziwa mbaula: mukatseka kachitseko kapansi, makala amazilala ngakhale pamwamba pali poyera. Denga nalo limatero. Mpweya wotentha umapepuka ndipo umafuna kutulukira pamwamba, koma sungachoke popanda wina woulowa m'malo. Amisiri athu ambiri akatha kukhoma malata amatseka mpata wonse wa pakati pa khoma ndi lata ndi njerwa ndi matope, ntchito imene amaitcha beam filling. Amatero pofuna kutchinga fumbi, mileme, makoswe ndi akuba, ndipo zifukwazo n'zomveka. Koma denga lotsekedwa choncho mukalitsegula pamsana pokha, pamachitika zinthu ziwiri zoipa. Choyamba, limayamba kukoka mpweya kuchokera m'nyumba kudzera m'mipata ya siling'i, ndiye kuti nthunzi ya kukhitchini ndi kubafa ikukwera yambiri kuposa kale. Chachiwiri, mphepo ikaomba, mbali imodzi ya ridge imasanduka polowera, ina potulukira, mpweya n'kumangozungulira pamwamba pomwepo, kunsi konse osakhudzidwa. Ndipo pamene pakulowa mphepo pamalowanso nkhungu ndi mvula yowaza. Zimene akuopa bilidala wanu zimachitikira madenga otere.

Kukula kwa mipata kuli ndi muyezo wake. Malamulo a zomangamanga a ku America amanena kuti pa masikweya mita 150 aliwonse a siling'i pakhale sikweya mita imodzi ya mpata weniweni wodutsa mpweya, ndipo amalola kuchepetsa kufika pa imodzi mwa 300 ngati mipata yagawidwa bwino pamwamba ndi pansi. Kwa Mulanje ndi Thyolo ine ndimakhala pa 150, chifukwa cha chinyezi ndi malata. Nyumba yanu ndi 12 kuchulukitsa ndi 8, masikweya mita 96. Kugawa ndi 150 tikupeza 0.64, kutanthauza masikweya sentimita 6,400. Theka pamwamba, theka pansi: 3,200 uku, 3,200 uko. Zikavuta kulinganiza, pansi ndi pamene pachuluke, osati pamwamba.

Tsono taonani chimene 3,200 ikutanthauza pakhoma. Njerwa imodzi ikachotsedwa imasiya bowo la masentimita pafupifupi 23 ndi 7 kapena 8, masikweya sentimita 170 kapena kuposerapo pang'ono. Mukaikapo gozi waya wa udzudzu, mpata weniweni umatsala ngati theka. Ndiye mukufunika mabowo otere oposa 30, kuwagawa m'makoma awiri aataliwo. Ngati mathirasi anu, mafelemu amatabwa aja onyamula denga, atalikirana mita imodzi ndi masentimita 20, ndiye kuti njerwa ziwiri pakati pa mathirasi awiri aliwonse, mbali zonse ziwiri. Anthu amadabwa ndikawauza zimenezi, chifukwa anazolowera timavent tinayi tasimenti pa gebulo, khoma losongoka lija la kumapeto kwa nyumba, timene mabowo ake sangalowe ndi chala, ndipo kawirikawiri wopenta anatitseka kale ndi laimu. Timeneto n'tokongoletsa chabe. Ngati kunsi kwa denga lotulukira kunja munakhomako mabodi, njira yabwino ndi kusiya mzere wotseguka wa masentimita 3 kapena 4 utali wonse wa nyumba, kuseri kwa fisha bodi (thabwa lokhomedwa kumphepete kwa denga), n'kuutchinga ndi waya. Komabe beam filling iyenera kubooledwa, apo ayi mpweya ukathera pakhoma.

Pa mabowo apansiwa musanyengerere za waya. Udzudzu wofalitsa malungo umalowa m'nyumba makamaka kudzera pampata womwewu wa pakati pa khoma ndi denga. Umatsata fungo la anthu, ukagunda khoma umakwera nalo mpaka kupeza polowera. N'chifukwa chake m'midzi yozungulira Majete ku Chikwawa, pantchito yolimbana ndi malungo, anthu ankalimbikitsidwa kutseka mipata imeneyi ndi kuika gozi waya m'mawindo. Ndiye musachotse nguwi n'kuitana malungo. Bowo lililonse likhale ndi gozi waya wachitsulo kapena wa aluminiyamu, womangidwa pa felemu kapena womatidwa m'mphepete ndi pulasitala. Wapulasitiki amafumbutuka ndi dzuwa ndipo khoswe amamudula usiku umodzi. Waya wa timabowo tating'ono chonchi amatsekeka ndi fumbi ndi ukonde wa akangaude, choncho kamodzi pachaka wina adutse ndi tsache. Pamwamba pa ridge mungaike waya wa mabowo okulirapo, osapitirira mamilimita 6, ngati siling'i yanu ndi yotsekeka bwino. Amenewo amakwana kuletsa mileme, mbalame ndi makoswe, ndipo sadya mpata wambiri. Mileme imalowa pamng'alu wochepa modabwitsa, ndipo nyumba imene yalowedwa ndi mileme fungo lake mumalidziwa.

Tikwere pamwamba. Muli ndi mwayi kuti malata anu ndi a IBR. Nthiti zake zimatalika mamilimita pafupifupi 37, ndipo zimatalikirana masentimita 17. Ridge ikagona panthitizo, pakati pa nthiti ndi nthiti pamatsala kale mpata. Kutanthauza kuti denga la IBR lili ndi potulukira mpweya pachibadwa, koma amisiri amapatseka, ena ndi simenti, ena popinda mapiko a ridge kuti alowe m'mipatamo, ena pogundanitsa malata a mbali ziwiri pansonga. Ntchito yaikulu ndi kutsegula zimene zinatsekedwa, n'kuikapo chotchinga madzi.

Kalipentala azule maridge akale mosamala, akuika kathabwa pansi pa hamala kuti asafinye nthiti. Simenti yonse ichoke. Ndisaiwale: simenti yonyowa imadya utoto wa zinki ndi aluminiyamu umene umateteza lata, ndipo ikauma imang'aluka chifukwa lata limafutukuka masana n'kubwerera usiku pamene simenti siisuntha. Mukaigumula mudzapeza dzimbiri pansi pake. Pamenepo papalidwe ndi kupakidwa penti woletsa dzimbiri musanatseke.

Kenako aone mpata wa pansonga, pakati pa malata a mbali iyi ndi a mbali inayo. Tikufuna masentimita 5 kapena 6 utali wonse, kusiya theka la mita kumapeto kulikonse kosatsegula, chifukwa kumapeto ndi kumene mphepo imamenya kwambiri. Zimatsala mamita 11, ndipo 3,200 kugawa ndi 11 ndi masikweya sentimita pafupifupi 290 pa mita iliyonse. Mpata wa masentimita 6 wokhala ndi waya umakwanitsa zimenezo. Ngati malata anagundana, adulidwe ndi sizasi ya malata. Gilayinda ayi. Ndikudziwa kuti ndi yofulumira ndipo anyamata amaikonda, koma imawotcha utoto wa m'mphepete modulamo, ndipo timoto take timagwera padenga lonse n'kumatirira. Mvula yoyamba ikagwa denga limachita timadontho tadzimbiri ngati nthomba. Podula asamale kuti asafike pa palini yapamwamba. Palini imeneyo iyenera kukhala masentimita pafupifupi 15 kuchokera pansonga mbali iliyonse, chifukwa ndi imene igwire malata ndi ridge yomwe. Ngati kalipentala woyamba anaika mapalini awiriwo mogundana pansonga penipeni, atsekereza njira, ndipo pafunika kuwonjezera ena m'munsi pang'ono n'kuchotsa akalewo. Pamenepo ntchito yakula, ndipo ndi bwino mudziwiretu musanagwirizane mtengo. Zimaoneka munthu ali m'kati mwa denga.

Tsono nachi chimene chimayankha nkhawa ya bilidala, ndipo amisiri ambiri amachidumpha chifukwa chimadya nthawi. Kumapeto kwa lata lililonse, pansonga, chigwa chilichonse cha pakati pa nthiti chipindidwire m'mwamba ndi pulayala yaikulu, kuti chipange kakhoma ka masentimita 2. Mphepo ikamakankha madzi kukwera nawo lata, amakagunda kakhoma kameneka n'kubwerera. Musapinde mpaka kufika msinkhu wa nthiti, mukatero mwatsekanso mpweya. Theka lokha, kuti pamwamba pake patsale sentimita imodzi ndi theka kapena kuposerapo. Apinde pang'onopang'ono kuti ngodya zisang'ambike, ndipo pamene pang'ambika apake silikoni wa padenga. Chigwa chimodzi chikaiwalika, banga lidzatulukira pa siling'i pansi pake penipeni.

Chachiwiri ndi kukula kwa ridge. Maridge ambiri a m'mahadiweya ndi opapatiza, phiko lililonse limangophimba masentimita 15 kapena 20. Kumalo ouma zimatheka. Kuno pitani kwa okhoma zidebe kapena kumene amapinda malata, akupindireni ridge kuchokera palata losalala la masentimita 60, kuti phiko lililonse litsike masentimita pafupifupi 30, ndipo m'mphepete mwake apindemo kamlomo koloza pansi kolimbitsa. Ngodya yake ifanane ndi kutsetsereka kwa denga lanu, isachite kukakamizidwa ndi sikuluwu. Lata lake lisakhale lopyapyala kuposa la denga. Ngati denga ndi geji 28, ridge isakhale 32. Madzi kuti alowe ayenera kukwera masentimita 30 pansi pa phiko, kenako kulumpha kakhoma kaja. Mvula wamba, ngakhale yamphepo, siifika pamenepo. Pa namondwe weniweni tinthunzi tamadzi tingalowe pang'ono, ndipo timauma tsiku lotsatira chifukwa kudenga kukupita mphepo.

Poyala zidutswa za ridge ayambire kumapeto kumene kuli kutali ndi kochokera mphepo, azibwera chakumene mphepo imachokera, chidutswa chilichonse chikugona pamwamba pa chinzake ndi masentimita 20. Akatero milomo ya polumikizira imafulatira mphepo. Inu mukudziwa khoma la nyumba yanu limene limanyowa kwambiri mvula ikamagwa. Muuzeni kalipentala, musaganize kuti adziwa yekha. Kumapeto konse kuwiri kutsekedwe ndi kachidutswa kalata kopindidwa.

Za kukhoma ndilankhule motsindika. Mphepo yamkuntho sikankha denga, imalikoka m'mwamba, ndipo imakoka kwambiri m'mphepete, m'ngodya ndi pamsana. Amene tinaona namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa kuti zinthu zimenezi si za m'mabuku. Ridge yaikulu mapiko ndi yosavuta kuinyamula ngati yagwidwa ndi misomali yowerengeka. Mugwiritse ntchito masikuluwu a padenga okhala ndi labala, aatali okwana kuboola ridge, kuboola nthiti ya lata, n'kulowa m'palini masentimita osachepera 3 kapena 4. Panthiti iliyonse, mbali zonse ziwiri, osadumpha. Sikuluwu ilowe pamwamba pa nthiti, osati m'chigwa moyenda madzi, ndipo imangidwe mpaka labala itagwira, isachite kuphwanyika. Kalipentala ali kudengako aonenso ngati mapalini anamangidwa bwino kumathirasi, ndi ngati mathirasi anamangiriridwa kukhoma ndi waya kapena chitsulo chopyapyala chochokera mu ring beam, lamba wa konkire uja wozungulira kumtunda kwa makoma. Ndi ntchito ya ola limodzi, ndipo ingapulumutse denga lonse.

Anansi anu amene ali ndi malata wamba a mizeremizere asatengere ndendende zimenezi. Mizere ya malata amenewo ndi yosaya, mamilimita 18 okha, ndiye mpata wotsala pansi pa ridge ndi masikweya sentimita pafupifupi 90 pa mita mbali iliyonse, ndipo mukapinda zigwa umatheratu. Kwa iwo ridge iyenera kukwezedwa masentimita 2 kapena 3 pa timiyendo tachitsulo chosachita dzimbiri, topindidwa ndi wowotcherera, tomangidwa kupalini motalikirana theka la mita. Ena amaika timatabwa tatifupi. Zimatheka, koma thabwa likhale louma, lopakidwa mankhwala a chiswe, ndipo pakati pa thabwa ndi lata pakhale kapulasitiki, chifukwa mankhwala ena a matabwa amadya lata pakanyowa. Ridge yokwezedwa imafuna mapiko aatali kwambiri ndi waya m'mbali monse.

Pali madenga amene sindilola kuwatsegula pamsana. Denga logona kwambiri, losafika madigiri 15, madzi amakwera nalo mosavuta mphepo ikaomba, ndipo kakhoma ka masentimita 2 sikakwanira. Madenga obisika kuseri kwa khoma, amene afala masiku ano, ambiri ndi otere, ndipo ena alibe msana n'komwe. Amenewo mpweya wake utulukire m'mabowo a khoma lalitali, okhala ndi malouvre. Denga lotsetsereka mbali zinayi limakhala ndi msana waufupi, mwina mamita 4 panyumba ngati yanu, wosakwana muyezo uja. Mukadutsa m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi kuno, yang'anani nyumba zakale za mabwana: denga lalitali, khonde kuzungulira, ndipo zina kumapeto kwa msana zili ndi kagebulo kakang'ono ka malouvre. Kagebulo kameneko ndi yankho labwino mpaka lero, chifukwa kamatulutsa mpweya pamwamba ndipo mvula siikalowa. Ndipo denga la asibesitosi, lija lotuwa la nyumba zakale za boma ndi za m'maesiteti, lisadulidwe kapena kubooledwa. Fumbi lake limawononga mapapo ndipo limayambitsa khansa patapita zaka zambiri.

Mwina wina akuuzani za tizipewa tozungulira tija timaoneka pamadenga a mafakitale. Timagwira ntchito, koma nato timafuna mabowo apansi omwewo, tili ndi mabeyaling'i amene amatha n'kuyamba kulira usiku, ndipo kalikonse ndi bowo lalikulu pakati pa lata lofuna kumatidwa mwaluso. Musaphatikize ndi ridge yotseguka padenga limodzi, chifukwa kachipewako kamangokoka mpweya kuchokera pa ridge yoyandikana nayo m'malo mokoka kuchokera pansi. N'chimodzimodzi ndi mavent aakulu a pa gebulo okhala pafupi ndi nsonga.

Mbali ina ya ntchitoyi ili m'manja mwanu, si ya kalipentala. Chinyezi chochepa chikakwera, chochepanso chidzadontha. Mipata ya m'mphepete mwa siling'i, pozungulira mababu ndi pakachitseko, itsekedwe. Kubafa ndi kukhitchini nthunzi itulukire panja kudzera pawindo kapena vent ya pakhoma, osati kudenga. Ndimaona nyumba zina anaboola siling'i ya kubafa dala kuti nthunzi izikwera. Kumeneko ndi kuthirira mapalini. Zovala zoyanika m'nyumba nthawi ya chiperoni zimatulutsa malita angapo a madzi, ndiye ngati n'kotheka ziyanikidwe pakhonde. Ngati muli ndi giza kudenga, aone kuti sakudontha ndipo paipi yake yotayira madzi ikutulukira kunja. Nyumba ikakhala yatsopano, makoma ndi pulasitala zimatulutsa madzi kwa miyezi yambiri, ndipo chaka choyamba chimakhala choipa kuposa zotsatira. Chinanso, poti tatchula kuzizira: ridge yotseguka imapumitsa kudenga, osati kuchipinda. Mbaula yamakala m'chipinda chotseka imapha anthu ali m'tulo, kaya denga lili ndi mpweya kaya lilibe.

Mabodi amene adetsedwa pang'ono mungawatsuke ndi madzi osakaniza ndi bulichi, kuwasiya aume, n'kupenta. Amene afufuma kapena kulendewera achotsedwe. Koma musachite zimenezi poyamba. Dikirani nyengo yozizira imodzi idutse denga litatsegulidwa, muone ngati mawanga akubwerera. Akabwerera ngakhale pang'ono, ndiye kuti mame a usiku akadali ambiri, ndipo chotsatira ndi sisalation, imene imatchinga kutentha n'kulandiranso madontho kuwatsitsira kunja. Kuiyala bwino kumafuna kuzula malata, choncho ambiri amadikira nthawi yosintha denga. Amene akumanga kumene aiike pomwepo, ndipo aonetsetse kuti yadulidwa pansonga, chifukwa sisalation yodutsa pamsana osadulidwa imatseka ridge yonse. Mukadzayala zofunditsa pa siling'i, zisafike potseka mabowo a m'mphepete aja.

Ntchitoyi igwiridwe mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, chiperoni atapita, mvula isanayambe. Akwere mame atauma, atsike dzuwa lisanafike paliwombo. Lata lonyowa limaterera ngati sopo, ndipo nkhungu ikatsika paphiri ntchito iime. Aziponda motsata mzere wa misomali, pamene pali palini pansi, ndipo pa IBR aponde m'chigwa, osati panthiti. Achenjere ndi waya wa magetsi wolowa m'nyumba pamene akunyamula ridge yaitali. Asatsegule msana wonse tsiku limodzi ngati sangautseke tsiku lomwelo. Akatha asese tizitsulo tonse ndi tsache lofewa, mpaka m'magata.

Musanamalize kulipira yesani kawiri. Masana kukutentha, mphepo ili bata, yatsani koyilo ya udzudzu n'kuiyandikiza pa bowo limodzi lapansi muli panja. Utsi uyenera kukokedwa kulowa m'kati. Ukangokwera osalowa, pali chotchinga, mwina mabowo sanaboole khoma lonse kapena pansonga sanatsegule mokwanira. Kenako wina akwere ndi paipi yamadzi kapena ndowa, awaze madzi palata chokweza, kuloza pansi pa phiko la ridge monga imachitira mvula yamphepo, mita ndi mita, wina ali m'kati ndi tochi. Pamene paoneke dontho, chigwa cha pamenepo sichinapindidwe bwino, ndipo kalipentala akonze asanatsitse makwerero. Bilidala wanu uja mumuitane adzagwire tochiyo.